Malipenga a ku Limphasa: gule tikumuonera, nanga tikumumvera?

Mwezi wa Sepitembala m'chaka cha 2024 ndidali ku Limphasa, kwawo kwa mayi anga, kudambo la mpunga lija la m'boma la Nkhata Bay ukamalowera ku Chintheche. Mvula idali italekeratu, njira zitauma, ndipo monga zimakhalira nyengo imeneyo, mudzi wina udaitana maboma a malipenga kuti adzapikisane. Inu amene simudakhaleko kunyanja musadabwe ndi mawuwa. Kumeneko gulu lililonse la malipenga limatchedwa boma, ndipo limakhala ndi Kingi wake, akapitawo ake, dokotala ndi namwino, ngati boma lenileni.

Boma lachitatu kulowa m'bwalo lidatenga mitima ya anthu. Anyamata adali atatchena kotheratu: makabudula oyera ositidwa ndi simbi ya makala, masitonkeni ofika m'maondo, matayi, timipango toyera m'manja. Akaponda, mapazi onse amagwa pamodzi ngati a munthu mmodzi. Akatembenuka, mzere sumapindika. Amayi adaimba nthungululu, ena mpaka kuthamangira m'bwalo kukafupa. Inenso ndidaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa.

Asibweni anga, ndiye kuti amalume m'Chitonga, adangokhala phee pampando wawo, chipewa chili pabondo. Iwowa ndi munthu wa zaka zopitirira 70, ndipo adayamba kuimba lipenga akadali kamnyamata.

"Asibweni, kodi anyamatawa simunawaone?" ndidafunsa.

"Kuwaona ndawaona," adatero. "Koma sindinawamve. Malipengawo angonyamula ngati ndodo."

Ndidatchera khutu, ndipo ndidachita manyazi. Adali kunena zoona. Ng'oma yaikulu imagunda bwino, zing'onozing'ono zimayankha, koma anyamata akakweza malipenga kukamwa chimatuluka ndi chiphokoso chimodzi ngati cha njuchi zotsekeredwa mumtsuko. Nyimbo siimadziwika mutu wake. Anthu oposa 20 adali m'mizere, koma oimbadi sadakwane 5. Ine, munthu wodzitcha mlakatuli, wodyera makutu a anthu, ndidali nditaombera m'manja gule wosalankhula.

Nkhani yanga lero ndi imeneyi, awerengi. Gule ameneyu dzina lake adatengera ku choimbira, koma choimbiracho ndi chimene tonse tidachitaya: oonerera, olemba mabuku, ngakhale ovina amene.

Tiyambe ndi mabuku, chifukwa za malipenga zidalembedwa ndithu. M'chaka cha 1965 a W.P. Koma-Koma adatulutsa kabuku m'chinenero chathu chomwechi kotchedwa M'ganda kapena Malipenga. Ndani wa ife adakaonapo m'sitolo ya mabuku? Patapita zaka 10, mu 1975, katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger adatulutsa Dance and Society in Eastern Africa, m'mene adalondola gule wa beni kuchokera m'matauni a m'mbali mwa nyanja yamchere monga Lamu ndi Mombasa m'zaka za m'ma 1890, mpaka m'mene adafalikira kumtunda kuno, makamaka ndi asilikali ndi amtengatenga a nkhondo yoyamba ya dziko lonse imene idatha mu 1918. Beni wa ku Mangochi, mganda wa ku Dowa ndi ku Ntchisi, malipenga a ku Nkhata Bay, Likoma ndi Karonga, onsewa ndi ana a bere limodzi. Msuweni wawo ndi kalela wa ku migodi ya Zambia, amene Clyde Mitchell adamulemba mu 1956. Kwathu kuno a Christopher Kamlongera, mphunzitsi wa zisudzo ku Chancellor College, adalemba mu 1986 kuti malipenga tiwaone ngati sewero losakaniza zathu ndi zobwera. Mayi Lisa Gilman a ku America, amene adachita kafukufuku wawo ku Nkhata Bay komweko, adachenjeza mu 2000 kuti tisamangoona mtsamunda paliponse pamene Mtonga wavala kabudula woyera.

Anthu amenewa adagwira ntchito yotamandika. Adatichotsera bodza lija loti agogo athu amangotsanzira azungu ngati anyani. Adationetsa kuti m'gulemu muli mpikisano wa midzi, muli kunyada, muli nthabwala zoseka bwana amene akuganiza kuti akulemekezedwa. Koma dandaulo langa pa zimene ndawerengazi ndi limodzi: funso lawo ndi la maso. Yunifomu idachokera kuti? Maudindo akutanthauza chiyani? Akuseka ndani? Ukafika pa lipenga lenilenilo umapeza mizere iwiri kapena itatu yonena kuti ndi mphonda yotsanzira lipenga la asilikali, basi nkhani yapita kwina. Amene adasamala za khutu ndi Hugh Tracey, yemwe adayenda ndi makina ojambulira mawu m'dziko muno mu 1950 ndi kujambula nyimbo za Atonga, za malipenga zili momwemo. Zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Koma lekodi imasunga nyimbo, siisunga m'mene munthu amaphunzirira kuiimba.

Kuti ndimvetse chimene asibweni amadandaula, chidandithandiza ndi chinthu chakutali kwambiri ndi Limphasa. Mundilole ndikutengereni ku Germany pang'ono, tibwerera.

Azungu ali ndi lipenga lawo lamkuwa lopindidwa mozungulira ngati nkhata, lija amati French horn. Ena amangoti honi, koma musaganize za honi ya minibasi. Mukalitambasula limatalika pafupifupi mamita 4. Kholo lake ndi lipenga la alenje, ndipo poyamba lidalibe bowo kapena batani lililonse: mpope chabe, woimba n'kumanjenjemeretsa milomo pakamwa pake. Mpope wotere suimba mawu onse. Uli ndi mawu ake owerengeka amene chilengedwe chidaupatsa, otalikirana kumunsi, oyandikana kumwamba. Cha m'ma 1750, woimba wina wa ku Dresden, Anton Joseph Hampel, adatchuka ndi njira yolowetsa dzanja kukamwa kwa lipengalo kuti apeze mawu osowawo. Mawu opezeka ndi dzanja amamveka ophimbika, ngati munthu wolankhula m'chikho, pamene enawo amamveka poyera. Lipenga lotereli ndi limene Mozart adalilembera nyimbo zake 4 zotchuka, kulembera mnzake Joseph Leutgeb, pakati pa 1783 ndi 1791.

Kenaka mu 1818 Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel adalembetsa luso la mavalavu, timabatani tija woimba amadina kuti mpweya udzere njira yaitali kapena yaifupi. Mawu onse adayamba kupezeka mosavuta, onse ofanana, onse oyera. Chitukuko chimenecho! Koma si onse adakondwa. Johannes Brahms, polemba nyimbo ya zoimbira zitatu mu 1865, chaka chimene mayi ake adamwalira, adafuna lipenga lakale lomwelo lopanda mabatani. Iye adadziwa kuti mawu ophimbika aja si chilema, ndi mbali ya nyimboyo. Komabe dziko lidapita ndi mabatani, ndipo lipenga lakale lidakapachikidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zamakedzana.

Mmodzi mwa anthu amene adalitsitsa pakhomapo ndi Hermann Baumann, wobadwira ku Hamburg mu 1934. Bamboyu adayamba ngati woimba ndi pakamwa komanso womenya ng'oma za jazi, ndipo lipenga adaligwira mochedwa, ali ndi zaka 17. Adaimba m'magulu akuluakulu a ku Dortmund ndi ku Stuttgart, ndipo mu 1964 adapambana mpikisano waukulu wa wailesi ku Munich. Apa adali katswiri wa lipenga lamakono, wosasowa kanthu. Koma adabwerera m'mbuyo kukaphunzira lakale lija, mpaka adajambula nalo nyimbo za Mozart pamodzi ndi gulu la Nikolaus Harnoncourt m'zaka za m'ma 1970. Adaphunzitsa pa sukulu ya Folkwang mumzinda wa Essen kwa zaka pafupifupi 30. Mu 1993 adagwidwa ndi sitiroko, koma adalimbikira mpaka adayambanso kuimba. Adamwalira mu Disembala 2023.

Ndamvera nyimbo za Mozart zimenezi pa malipenga onse awiri. Dennis Brain wa ku England adazijambula mu 1953 pa lipenga la mabatani, ndipo zimayenda myaa ngati bwato pa nyanja yabata. Za Baumann pa lipenga lakale zili ndi mabampu: liwu ili lowala, lotsatira lophimbika, linalo ngati likutuluka m'mphuno. Poyamba umayesa walakwitsa. Ukamvetsera kawiri umazindikira kuti Mozart adaika dala mabampuwo pamalo pamene amawafuna, monga mmisiri wa ng'oma amadziwa poika phula. Chimene Baumann adatsimikiza ndi moyo wake wonse n'chakuti choimbira chakale si choimbira chatsopano chosatha kupangidwa. Ndi china pachokha, chofuna khutu lake ndi mphunzitsi wake. Lero m'masukulu ambiri a nyimbo ku Ulaya mwana wophunzira lipenga lamakono amaphunziranso lakale.

Tsopano tibwerere ku Limphasa, pakhonde pa asibweni, tione m'mene lipenga lathu limapangidwira. Amasankha mphonda ya khosi lalitali, youma bwino, yopanda mng'alu. Amaidula kumimba kuti mawu azitulukira, n'kukokota njere ndi zonse za m'kati mpaka mutayera. Chakukhosi amaboola bowo la pakamwa. Kunsonga amamata kansalu koyera kopyapyala kamene kangaude amaphimbira mazira ake, kaja timakapeza kumakoma ndi kudenga la nyumba zaudzu. Anzathu a mganda kuchigawo chapakati choimbira chomwechi amati badza.

Pamenepa pali chinsinsi chimene ambiri sitichidziwa. Lipenga la mphonda siliimbidwa ngati la asilikali. La asilikali, mawu amabadwira pa milomo. La mphonda, mawu amabadwira pakhosi pa munthu: woimbayo amaimba nyimbo m'kati mwa mphondayo, kansalu ka kangaude n'kumanjenjemera, mimba ya mphonda n'kulikuza liwulo ndi kulipatsa ukali wa mkuwa. Akatswiri a zoimbira angakuuzeni kuti pa chifukwa chimenechi si lipenga konse. Nyanga zenizeni zouzira ndi milomo ziliko, monga zija makolo amaitanira uzimba, kapena nyele za Atonga ena a kuchigwa cha Zambezi, zimene nyanga iliyonse imatulutsa liwu limodzi. Koma ine ndikuti apa ndi pamene pali nzeru. Agogo athu adamva bandi ya King's African Rifles, adalibe mkuwa, adalibe fakitale. Sadayese kupanga lipenga la mzungu losauka. Adatenga mphonda ya kumunda ndi nsalu ya kangaude, zinthu zimene amazidziwa kale, n'kupeza njira yoti khosi la munthu limveke ngati bandi. Mzungu adatha zaka zambirimbiri akuvutika kuti mpope wake uimbe mawu onse. Mphonda imaimba liwu lililonse limene khosi lingafike, ndi timawu tapakati tomwe timene mabatani satipeza.

Choncho luso lake ndi la woimba, osati la wouzira. Asibweni amati boma labwino limagawana mawu monga kwaya ya ku Bandawe: timphonda ting'onoting'ono timanyamula mutu wa nyimbo, zapakati zimayankha, zikuluzikulu zimabuula pansi pamodzi ndi ng'oma yaikulu. Nyimbo imayamba ndi pakamwa kuti anthu amve mawu ake. Malipenga akailandira mawu aja amachoka, koma amene akudziwa Chitonga amawamvabe, chifukwa kukwera ndi kutsika kwa chinenero kumatsalira m'nyimbomo. N'chifukwa chake nkhalamba zimatha kuseka pakati pa malipenga popanda wina wotchula liwu: zamva kuti boma ili likunyogodola boma linzake. Ndipo zonsezi munthu amachita akuvina, bondo lili m'mwamba, msana uli chilili, fumbi lili m'mphuno. Ayenera kudziwa popumira kuti mzere wa nyimbo usaduke, ndipo anzake asapumire pamodzi naye. Woimba wa ku Essen amaimba ataima malo amodzi kapena atakhala pampando. Wa ku Limphasa amaimba akuguba.

Poyesa ndi muyeso umenewu, boma lija lidapambana m'maso mwathu lidalephera. Mphonda zawo zidali pafupifupi zofanana kukula, ndiye panalibe kugawana mawu. Amapumira pamodzi, nyimbo n'kumaduka ngati wailesi yotha mabatire. Boma limene lidalowa lomaliza, la amuna achikulire ochepa, makabudula ofiirira ndi kuchapa, silidalandire nthungululu zambiri. Mapazi awo adali olemera, wina adaphonya potembenuka. Koma atakweza malipenga tsitsi lidandiimirira. Pansi pamamveka kubuula kwa mphonda ziwiri zazikulu, pamwamba kamphonda kamodzi kakuyenda mokhotakhota ngati kakufunsa funso, enawo n'kumakayankha. Asibweni adavala chipewa chawo, adaimirira, adakafupa. Adati ukaipa dziwa nyimbo. Madalawa nyimbo amaidziwa.

Tidafika bwanji pamenepa? Zifukwa ndikuziona zitatu.

Choyamba ndi bwalo limene tidampatsa guleyu. Kuyambira nthawi ya Kamuzu, magule athu adazolowera kuvinidwa pamaso pa alendo olemekezeka okhala pa nsanja patali, gulu lililonse mphindi zowerengeka, wotsogolera mwambo akuyang'ana wotchi. Matipate atabwera mu 1994 nsanja zidangochuluka. Pa nsanja patali chimafika ndi chiyani? Kuyera kwa yunifomu ndi kugunda kwa ng'oma. Chimkuzamawu amachiika pa ng'oma kapena pakamwa pa wolengeza. M'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ndi chimodzimodzi: mlendo akufuna chithunzi. Anyamata si opusa. Amalimbikira chimene chimafupidwa.

Chachiwiri ndi kusowa kwa ophunzira. Nkhata Bay ndi dziko la anthu oyenda kuyambira kale. Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, adali mwana wa ku Chifira kufupi ndi Bandawe. Malipenga amene adakula ndi ndalama ndi zovala za anthu obwera kuchokera ku Joni ndi ku Harare. Koma kale wopita amabwerera m'boma lake n'kukhala nyengo yonse ya gule. Lero mnyamata akangodziwa kuponda, wapita, ndipo kuponda kumaphunzirika msanga kuposa kuimba. Asibweni adawerenga pa zala anyamata amene adawaphunzitsa mpaka kufika potsogolera nyimbo. Onse ali kunja kwa mudzi.

Chachitatu ndi ifeyo ophunzira. Mwana akalowa bandi ya polisi kapena ya asilikali n'kugwira lipenga lamkuwa, amapatsidwa mphunzitsi, manotsi, malipiro ndi udindo, ndipo timamutcha woimba. N'zoyenera, ndipo sindikuchitira nsanje aliyense. Koma munthu amene watha zaka 60 akupanga, kuimba ndi kuphunzitsa lipenga la mphonda timamutcha wovina gule wamakolo, dzina lake osalifunsa n'komwe. Baumann atamwalira nyuzipepala zidalemba mbiri yake, ndipo ophunzira ake ali m'magulu oimba m'maiko ambiri. Asibweni akadzapita, pamaliro padzanenedwa kuti adali mlimi wa mpunga ndi mkulu wa mpingo.

Wina anganditsutse kuti: iwe mlembi, gule ameneyu adabadwa mwa kubwereka, ndiye ukulira chiyani akasintha? Funso labwino, ndipo ndilivomera theka. Sindikunena kuti tibwerere ku kangaude. Asibweni amene, nsalu ya kangaude ikasowa, poti nyumba zamalata zachuluka, amamata kapepala kapulasitiki kopyapyala, ndipo amaseka kuti kangaude wa masiku ano amagulitsidwa m'golosale. Amati liwu lake n'louma pang'ono koma likhoza kuimba. Baumann naye sadataye lipenga la mabatani. Adaimba onse awiri mpaka kukalamba. Kusintha chipangizo si imfa ya luso. Imfa yake ndi pamene palibenso munthu wotha kusiyanitsa lipenga loimba ndi lipenga longolira, monga ndidalepherera ine tsiku lija. Choimbira chimafa m'khutu mwa omvera chisadafe m'manja mwa oimba.

Tichitenji tsono? Sindikupempha zazikulu. Bungwe la UNESCO lidalemba kale Gule Wamkulu ndi Vimbuza m'kaundula wake mu 2008, Tchopa mu 2014, Mwinoghe mu 2018, ndipo kalela wa anzathu a ku Zambia adalowa mu 2022. Tsiku lina malipenga akhoza kulowanso, ndipo tidzakondwa. Koma satifiketi ya ku Paris siphunzitsa mwana kupuma. Zofunika zili pafupi. Oweruza mipikisano apereke mamalikisi a malipenga paokha, osawaphatikiza ndi a zovala. A wailesi akapita kukajambula, aike maikolofoni pakati pa mizere, ndipo atchule dzina la wotsogolera malipenga monga amatchulira woimba gitala. Asukulu zophunzitsa nyimbo, kaya ku yunivesite ku Zomba kaya ku Music Crossroads ku Lilongwe, aitane nkhalamba ngati zimenezi kudzaphunzitsa teremu yathunthu ndi kulipidwa ngati aphunzitsi, osati kudzasangalatsa alendo pa tsiku lotsekera. Ndipo ife olemba, tikapita kukaonera gule, titsinzineko maso mphindi ziwiri tisadatenge cholembera.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, nditadya kondowole wa dzulo ndi usipa, asibweni adanditengera kuseri kwa nyumba kumene adayanika mphonda zisanu padenga la khola. Adasankha imodzi yomata kale n'kundipatsa. Ndidakoka mpweya, ndidauzira ndi mphamvu zanga zonse. Mudangotuluka mphepo, fuu, ngati ndikukoleza moto. Ana amene adali pafupi adagwa nako kuseka.

"Iwe, usauzire," adatero asibweni. "Imba. Chilibe mawu akeake chimenecho. Chikudikira ako."

Ndidayesanso, ndikung'ung'udza kanyimbo ka ku Sande sukulu. Mphonda idanjenjemera m'manja mwanga, ndipo liwu limene lidatuluka lidali langa ndithu koma lokula, laukali, loti nkhuku zidabalalika. Asibweni adapukusa mutu, adati ndapumira pakati pa mzere, ndiyambirenso.

Lipengalo ndidabwera nalo ku Blantyre, lili pamwamba pa kabati. Zinayi zija zidatsala padenga la khola, ndipo pamene ndimakwera basi adali asadapeze wozipatsa.